45,000 VOLTS: CHIMBALE CHIMENE CHINATILAMBALALA

M'chaka cha 1977 anyamata atatu a mumzinda wa Lusaka analowa m'situdiyo yotchedwa Sapra ku Nairobi, m'dziko la Kenya, natulukamo ndi chimbale chimene anachitcha 45,000 Volts. Mtsogoleri wao anali Paul Ngozi, woimba ndi kuliza gitala. Tommy Mwale anali pa bezi, ndipo Chrissy Zebby Tembo anali pa ng'oma. Gulu lao linkadziwika ndi dzina loti Ngozi Family. Taonani maina amenewa: Mwale, Tembo, ndiponso Ngozi mwini wakeyo dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Mutawaitana maina otere pa sukulu ina iliyonse kuno kwathu, ana angapo akhoza kuimirira. Nyimbo zingapo za m'chimbalemo anaziimba m'Chinyanja, mau oti ngakhale agogo a ku Golomoti akanawamva popanda womasulira. Komabe ife amene tinakulira m'chigwa cha kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Mua mpaka ku Mtakataka, sitinachimve chimbalechi m'masiku ake, ngakhale dzina lake lomwe.

Tsono funso limene ndifuna tilingalire ndi ili: zinatheka bwanji kuti nyimbo za m'chilankhulo chathu, zoimbidwa ndi anthu okhala ulendo wa tsiku limodzi pabasi kuchokera ku Mchinji, zitenge zaka 47 kuti zimveke kwathu, ndipo pobwerapo zidzere ku America? Alipo anthu amene amati nyimbo ikakoma imadziyendera yokha. Mwina nyimbo ya pakamwa imatero. Koma nyimbo ya pambale ndi katundu monga sopo kapena mchere. Imafuna fakitale, lole, sitima, ndalama zakunja ndi chilolezo cha boma, ndipo chimodzi mwa izi chikasowa, nyimboyo imathera pomwe yafikapo.

Ndisanapitirire ndinene kuti kwao ku Lusaka Paul Ngozi sanali munthu wobisika. Anabadwa m'chaka cha 1949 nakulira m'komboni ya Chibolya, malo a anthu osauka. Ali mnyamata anaimbako m'magulu angapo, ndipo kwa kanthawi anali ku Kenya ndi gulu la Musi-O-Tunya, limene linatchuka ndi Rikki Ililonga. Nairobi tsono sunali mzinda wachilendo kwa iye. Dzina loti Ngozi linamuyenera chifukwa cha machitidwe ake pabwalo la zoimba, pakuti ankatha kuliza gitala ndi mano monga ankachitira Jimi Hendrix. Gitala wakeyo ankamulumikiza ku kabokosi kopondapo ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene kamasasitsa mau a gitala mpaka kumveka ngati mavu okwiya atsekeredwa m'chitini. Anyamata a m'badwo umenewo ku Zambia anamwerekera ndi nyimbo za Hendrix, Black Sabbath, Deep Purple ndi James Brown, nazisakaniza ndi kaimbidwe ka kwao. Mtundu wa nyimbo umenewu ndi umene unadzatchedwa Zamrock.

Kwa ine, nyimbo za Chingerezi za m'chimbalechi n'zokoma ndithu m'khutu, koma mau ake ndi a masiku onse: chikondi chatha, usiku ukuopsa. Pamene Ngozi amaoneka kuti ndi mwini wake weniweni ndi pamene watembenukira ku Chinyanja. Nyimbo ya Nizakupanga Ngozi ndi chenjezo kwa munthu wobwera pakhomo pa mnzake wopanda ulemu, wolongolola ndi wamiseche. Aliyense amene anamvapo amai akusinja pamtondo, akumuimba mnansi wao mosamutchula dzina koma mudzi wonse n'kudziwa amene akunenedwa, aizindikira nyimbo imeneyi msanga. Ndi nyimbo ya pamtondo yomweyo, kungoti munsi wasanduka gitala wamagetsi. Nyimbo ina ndi yodandaulira anzathu a ku Zimbabwe, amene nthawi imeneyo anali pakati pa nkhondo yomenyera ufulu. Izi si nkhani zobwereka ku London. Ndi nkhani zimene anthu ankakamba pa mpopi wa madzi m'komboni.

Nanga ife tinkamvera chiyani? Ndikakumbukira magolosale ndi malo omwera mowa a pa Mtakataka ndi pa Golomoti m'zaka zimenezo, gumbagumba ankaliza simanjemanje wa ku Joni, rumba ya ku Zaire, ndi Jim Reeves amene ankakondedwa ndi aphunzitsi. Chifukwa chake chinali poyera, chinagona pansi pamaso pathu: njanji. Njanji imene imadutsa kwathu inachokera kum'mwera, nifika ku Salima m'chaka cha 1935. Katundu yense wa m'sitolo ankabwera kuchokera ku Blantyre ndi ku Limbe, ndipo kumeneko ankafika kuchokera ku Beira, ku Nacala, ku Salisbury ndi ku Johannesburg. Njanjiyi inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, n'kuima pomwepo ngati yaona njoka. Kuti ilumikizane ndi Chipata panapita zaka zina 30, mpaka 2010. Amalonda a mbale analibe chifukwa choyang'anira kumadzulo. Mbale ya ku Zambia ikafika kwathu, ndiye kuti yabwera m'sutikesi ya munthu wochokera ku migodi, atakulunga m'bulangete kuti isasweke.

Sizinali choncho kuyambira kale ayi. M'zaka za m'ma 1950 wailesi ya anthu akuda m'maiko atatu a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri inali ku Lusaka, yotchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inkaulutsa mau m'Chinyanja. Kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, kamene Azungu anakatcha Saucepan Special, kanayamba kugulitsidwa mu 1949, ndipo makolo athu amene anali nako ankamvera Lusaka ngati wailesi yao. Woimba wotchuka wa pa wailesiyo, Alick Nkhata, bambo wake anali wochokera kuno ku Nyasaland. Kunena kwina, m'masiku a atsamunda nyimbo ya ku Lusaka inkafika kunyanja mosavuta kuposa m'masiku a ufulu. Chitaganya chitatha mu 1963, maiko awiriwa analandira ufulu mu 1964, dziko lililonse ndi wailesi yake, ndalama yake ndi mtsogoleri wake. Dr Banda ndi Dr Kaunda sankamwerana madzi. Wina anamanga ubale ndi boma la South Africa mu 1967, mnzake anasunga omenyera ufulu a maiko a kum'mwera pamodzi ndi ena mwa Amalawi othawa kwao. Malire amene kale anali mzere wa pamapu chabe anasanduka mpanda.

Tsopano tiyeni tilowe m'malonda enieniwo, chifukwa ndi m'mene mwagona nkhani. Kuti nyimbo ikhale mbale imadutsa m'manja ambiri. Poyamba amaijambula pa tepi m'situdiyo. Kenaka makina okhala ndi singano yakuthwa amalemba mauwo m'timizere pa mbale yofewa. Kuchokera pa mbale imeneyo amaumba chidindo chachitsulo, ndipo chidindocho ndicho chimafinya phala lotentha la pulasitiki kuti litulutse mbale mazanamazana zofanana. Pulasitikiyo amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Tepi, singano, mankhwala, pulasitiki, zitsulo zokonzera makina, ngakhale nsambo za gitala, zonsezi dziko la Zambia linkaitanitsa kunja. Woimba akhoza kukhala ndi luso lotani, koma ngati banki yaikulu ilibe ndalama zakunja, mbale siituluka.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndalamazo zinalipo, chifukwa mkuwa unali pamtengo wabwino, ndipo pa kwacha iliyonse imene Zambia inkapeza pogulitsa katundu kunja, ngwee zoposa 90 zinali za mkuwa. Ogwira ntchito m'migodi ya ku Kitwe, Chingola, Mufulira ndi Luanshya anali ndi malipiro a pamwezi, makalabu ovinirako, ndi ana ofuna magitala. Ngakhale situdiyo imene magulu ambiri anajambulirako, ya Malachite ku Chingola, inali ya amigodi, yomangidwira ntchito yojambula mafilimu. Ku Ndola kunali Edward Khuzwayo, munthu wobadwira ku Rhodesia, amene kampani yake ya Zambia Music Parlour inasonkhanitsa magulu a achinyamata n'kumawatulutsira mbale. Ku Ndola komweko kampani ya Teal, yochokera ku South Africa, inali ndi fakitale yodinda mbale. Fakitaleyi isanayambe kuthandiza, oimba ankanyamula matepi ao kupita nao ku Nairobi, monga anachitira anyamata a gulu la WITCH ndi chimbale chao choyamba, n'kubwerako ndi mbale zimene ankagulitsa okha kumalo oimbira.

Pamwamba pa izi panadza lamulo la Kaunda, amene iyenso ankaliza gitala. Pakati pa zaka za m'ma 1970 iye analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya Zambia zikhale za m'dzikomo. Cholinga chake chinali kukweza chikhalidwe cha makolo, ndipo sindikhulupirira kuti nkhalambayo inkaganiza za anyamata a tsitsi lanyankhalala ndi nsapato zazitali zidendene. Koma wailesi ili ndi maola ambiri ofuna kudzazidwa, ndipo amene anali okonzeka kuwadzaza anali anyamata omwewo. Makampani anayamba kuthamangira magulu. Zimbale zinkajambulidwa mwachangu, m'masiku owerengeka, monga chinachitira chimbale cha Africa cha gulu la Amanaz mu 1975, chimene chinakhala choyamba ndi chotsiriza chao. Ngozi Family inatulutsa Day of Judgement kwa Khuzwayo mu 1976. Chaka chotsatira 45,000 Volts chinatuluka pansi pa kampani ina yaing'ono ya m'dzikomo, Chris Editions.

Apa mpamene tsoka la chimbalechi likuonekera: chinabadwa phwando likutha. Mtengo wa mafuta unali utakwera kowirikiza kuchokera mu 1973. Mtengo wa mkuwa, umene unafika pachimake mu 1974, unagwa ndi kupitirira theka pofika 1975, ndipo sunadzukenso msanga. Zimene Zambia inkagula zinakwera, zimene inkagulitsa zinatsika. Malire a Zambia ndi Rhodesia anali otseka kuyambira Januwale 1973. Mu Febuluwale 1977, chaka chomwecho cha chimbale chathu, dziko la Tanzania linatseka malire ake ndi Kenya, ndipo anakhala otseka mpaka 1983, kotero kuti njira ya pamtunda ya pakati pa Lusaka ndi Nairobi inaduka. M'masitolo munayamba kusowa sopo, mafuta ophikira ndi shuga. Munthu amene waima pamzere m'mawa wonse kudikira ufa saganiza zogula mbale.

Kenaka nkhondo inalowa m'dzikomo. Mu Okutobala 1978 ndege za asilikali a Ian Smith zinaphulitsa misasa ya omenyera ufulu a ku Zimbabwe ku Chikumbi, kufupi ndi Lusaka, ndi ku Mkushi, kumene Alick Nkhata uja anaphedwa ali pa famu yake. Mu Epulo 1979 asilikali omwewo analowa mu Lusaka mwenimweni nagumula nyumba ya Joshua Nkomo. Boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi. Gulu la zoimba limadya usiku. Mukaletsa usiku mwalilanda nsima. Eni mabala anaona kuti kulemba munthu mmodzi woliza mbale za disko n'kotsika mtengo kuposa kudyetsa anyamata asanu ndi zida zao. M'zaka za m'ma 1980 makutu a anthu anatembenukira ku kalindula ya P.K. Chishala, Amayenge ndi anzao, ndipo kaseti inafika, imene munthu aliyense wokhala ndi wailesi ya makomo awiri ankatha kukopera popanda kulipira woimba kapena kampani. Potsiriza fakitale ya ku Ndola inaleka kudinda mbale. Chimbale chimene chatha m'sitolo, chidindo chake chatayika, kampani yake yafa, ndiye kuti chatsala m'nyumba za anthu basi, m'mene ana amachisandutsa choseweretsa ndipo dzuwa limachipinda.

Tisaloze chala ku Zambia kokha. Ngakhale mbaleyo ikanadutsa pa Mchinji, ikanapeza dziko losakonzeka kuilandira. Kuno kunalibe fakitale yodinda mbale. Kampani ya Nzeru, imene inayesa kutulutsa nyimbo za Amalawi kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, sinakhalitse. Woimba wa kuno akafuna kumveka ankapita ku MBC, wailesi imodzi yokhayo m'dziko lonse, n'kujambulitsa nyimbo zake, tepi n'kutsala komweko. Bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. M'zaka za m'ma 1970 tsitsi lalitali kwa amuna linali mlandu, ndipo alendo ena ankametedwa pa bwalo la ndege la Chileka asanalowe m'dziko. Nyimbo za rock zimayenda ndi maonekedwe ake, tsono m'dziko lotere zinalibe pokhala. Malonda enieni a nyimbo za kuno anadzayamba ndi kaseti, makamaka kuchokera ku Balaka, pa njanji yathu yomweyi, kumene Alleluya Band inayamba mu 1978; koma pamene malondawo amakula, m'zaka za m'ma 1990, nyengo ya rock inali itapita ndipo achinyamata anali pa rege.

Palinso nkhani ya chilankhulo, imene ife okonda zolembalemba iyenera kutikhudza. Mu 1968 boma linasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa, ndipo mu 1972 linakhazikitsa Chichewa Board yoyang'anira kalankhulidwe koyenera. Pa wailesi pankamveka pologalamu ya Tiphunzitsane Chichewa, yokonza zolakwa za anthu. Tsono taganizani mutu wa nyimbo ija. Pamene ife timati ndi-, a ku Lusaka amati ni-; pamene timati -dza-, iwo amati -za-; pamene timati kuchita, iwo amati kupanga. Mphunzitsi wa Chichewa wa masiku amenewo akanaulemba mzere wofiira katatu mutu umodzi wokhawo. Tinaphunzitsidwa kumva Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka ngati Chichewa chowonongeka, choseketsa, choyenera anthu osaphunzira. Munthu sungaimve bwino nyimbo pamene khutu lako lili kalikiliki kusaka zolakwa za galamala.

Paul Ngozi anapitiriza kuimba ndi kutulutsa nyimbo m'zaka zovutazo, namwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Inali nyengo imene matenda a Edzi ankasesa oimba a ku Zambia ngati moto wa m'chilimwe; Kaunda mwini wake anaulula poyera mu 1987 kuti mwana wake Masuzgo anafa ndi matendawa. Mwa anyamata amene anatchukitsa gulu la WITCH m'masiku ake a rock, amene anatsala ndi moyo ndi woimba wao yekha, Emmanuel Jagari Chanda, ndipo iye anakhala zaka zambiri akukumba miyala ya mtengo wapatali kutchire kuti apeze chakudya. Matepi ambiri a nyimbo za m'badwo umenewo anatayika.

Pano ndimaganizira za ku Mua. Mu 1976, chaka chimene Ngozi Family inatulutsa chimbale chake choyamba, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni pa mishoni ya Mua, ndipo lero m'nyumba ya Chamare muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana, chilichonse ndi mbiri yake. Kale Hugh Tracey anayendayenda m'maiko ano ndi makina ake kujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zimasungidwa mpaka lero ku South Africa. Gule ndi ngoma zinapeza ozisunga chifukwa aliyense ankavomereza kuti ndi chikhalidwe. Nyimbo za Ngozi zinagwera pakati. Kwa osunga chikhalidwe zinali zachizungu, phokoso la ana osokonekera. Kwa amalonda a ku Ulaya, amene m'zaka za m'ma 1980 anayamba kufuna nyimbo za ku Africa, zinali zosakwanira kukhala zachiafirika, chifukwa iwo ankafuna mbira, malimba ndi ng'oma, osati Mwafirika woliza gitala ngati wa ku Birmingham. Mleme uja anakanidwa ndi mbalame, nakanidwanso ndi mbewa.

Amene anadzazitola anali anthu a mtundu wina: otolera mbale zakale a ku Ulaya ndi ku America, amene amasangalala ndi chinthu chifukwa chakuti n'chosowa. M'zaka za m'ma 2000 mbale zokalikakalika za ku Zambia zinayamba kugulidwa pa mtengo wa madola mazanamazana, ndipo ena anazidindanso. Ntchito yolongosoka inagwiridwa ndi kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, imene inafunafuna oimba otsala ndi mabanja a omwalira kuti igwirizane nao. Inatulutsa nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya mu 2010, za WITCH mu 2012, Day of Judgement mu 2014, ndi mabuku awiri okhala ndi nyimbo otchedwa Welcome to Zamrock! mu 2017, amene inalemba mothandizana ndi mlembi wa ku Zambia, Leonard Koloko. 45,000 Volts chinatulukanso mu 2021, patapita zaka 44.

Olemba nkhani a kunja amakonda kunena kuti nyimbozi zinatulukiridwa, monga muja Livingstone anatulukira nyanja imene makolo athu ankasambamo tsiku ndi tsiku. Akuluakulu a ku Lusaka sanamuiwale Ngozi. Ku Kabwata kuli msewu wotchedwa dzina lake. Chimene chinasowa si chikumbukiro, koma makina, ndalama ndi njira yofikitsira nyimbo kumsika, ndipo zimenezi zinapezeka ku California. Sindikuwachitira nsanje anthu amene anagwira ntchitoyo, pakuti popanda iwo ine sindikanalemba nkhani ino. Koma n'zowawa ndithu kuti mbale yatsopano ya Ngozi n'chapafupi kuigula ku Berlin kapena ku Tokyo kusiyana ndi ku Chipata kapena ku Lilongwe, ndi kuti mwini nyimbo anafa asanaone bungwe lotolera ndalama za oimba m'dziko lake, pakuti la ku Zambia linadza m'zaka za m'ma 1990, monganso COSOMA yathu imene inayamba mu 1992.

Mu Okutobala 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yotchedwa Noid, yokamba za mantha a munthu wotchuka amene akuona ngati aliyense akumuzonda pakhomo pake. Pofuna mau oti anyamule nkhawa imeneyo, anadula chigawo cha Nizakupanga Ngozi, gitala ndi mau a Ngozi omwe, nachiika pakati pa nyimbo yake. Chimbale chake, Chromakopia, chinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard ku America, ndipo dzina la Paul Ngozi linalembedwa pakati pa opeka nyimboyo. Achinyamata a ku Chicago ndi ku London anakhamukira pa intaneti kufunsa kuti chilankhulo chimenechi n'chiyani ndipo bamboyo akuti chiyani. Anzao a pa Golomoti, amene anailandira nyimboyo pa foni pamodzi ndi nyimbo zina za ku America, Chingerezi chothamanga cha Tyler chinkawadutsa apa ndi apo, koma atafika pa chigawo cha Ngozi anamva liu lililonse.